Amayi Aona Nyika pa Kanema wa ku China

Achimwene a Yusufu,

Asalamu alaikumu. Ndikhulupirira kuti muli bwino ku Joniko. Kuno ku Ngokwe tilipo, ndipo amayi miyendo ija yasiya kutupa, koma njala ndiye yamanga nthenje. Chimanga chinapsa ndi dzuwa, moti tikudalira nyika, mizu ya m'madzi ija timakazula ku nyanja ya Chiuta. Amayi mukuwadziwa, amaphikira kuseri kwa nyumba kuti anthu asaone.

Lachisanu tikuchokera ku mzikiti tinapatukira pa golosale ya a Saidi. Anaika dishi ndi sola, ndiye kanema wawo akugwira siteshoni ya boma la China. Ine ndinkangoti Matchaina ndi karate ndi kumanga misewu basi. Tsikulo anaonetsa azibambo ali m'matope mpaka m'chiuno, akuzula mizu ya maluwa a m'madzi.

Amayi anagwira pakamwa. "Ogo! Kodi nakonso mvula yakana? Anthu opanga mafoni mpaka kudya nyika?"

Kenako mizu ija anaitsuka, kuiduladula n'kuikazinga. Inakathera pa ukwati, m'mbale zoyera, mkwatibwi atavala zofiira akutola ndi timitengo. A Saidi anati, "Iyayi mayi, si njala. Kumeneko n'chakudya chaulemu."

Ndiye dzulo amayi aphikira nyika pabwalo penipeni, mpaka kuitana a Shehe akudutsa kuti adzalawe zakudya za ku China.

Komabe achimwene, Matchaina aja pambali anali ndi mpunga. Ife pambali palibe kanthu. Mukapeza munthu wobwera kuno, chonde titumizireni ufa, ngakhale wochepa. Ana ayamba kujomba kusukulu.

Mulungu akusungeni kumeneko.

Ndine mlongo wanu,
Asiyatu