Paipi yabuluu ya pakhoma lathu

Lolemba, 4 Disembala

A bungwe lothandiza anthu amaliza kupaka penti yawo yoyera yochepetsa kutentha padenga. Ndisaname, m'nyumba mwazizira. Fani sindinaiyatse n'komwe, amayi agona masana onse osabuula. Dona Telma, injiniya wawo, wanditsina khutu: mvula ziwiri zoyamba madzi a padenga asalowe m'chitsime chathu chosungira madzi a mvula, pentiyo iyambe yasukuluka. Ngati ndine mlendo. Chaka chilichonse ndimatseka bowo la kuchitsime ndi chisanza, mvula yoyamba n'kutsikira kumsewu kudzera paipi yabuluu ija anaika malemu bambo. Denga lafulati ndi chimbudzi cha akhwangwala, amene sadziwa ndani?

M'chitsime madzi a chaka chatha akadali theka. Ndi omwe atifikitse pa mvula yachitatu. Zitsime zina zonse m'mudzi muno ndi mchere wokhawokha, amayi akamwa amatsegula m'mimba.

Lachinayi, 7 Disembala

Ndabwerako kumsika ku Mossuril, paipi palibe! Bowo la kumsewu alimata ndi njereza, kusalaza bwinobwino ngati panalibe kanthu.

Achimwene Amisse. Chiwasankhireni kukhala wapampando wa komiti yosunga nyumba zamakedzana amayenda ngati mudziwu anaumanga okha. Akuti pulasitiki pakhoma la zaka mazana awiri ndi manyazi, alendo akubwera sabata yamawa kudzajambula. "Muanacha, iwe za mbiri ukuzidziwa? Akapita ndidzakubwezera kapaipi kakoko."

Ndati achimwene, mvula mwapangana nayo? Aseka, n'kudya chinangwa changa, n'kumapita. Paipi aitsekera kunyumba kwawo.

Loweruka, 9 Disembala

Kumwamba kwada bii. Achimwene ndawatumizira uthenga, sanayankhe.

Lamulungu, 10 Disembala

Yagwa masana, yamkuntho.

Ndinathamangira padenga n'kutseka bowo la kuchitsime. Madzi osowa kolowera, denga linasanduka dziwe, kufika m'akakolo. Kenako ndinamva amayi akukuwa pansi. Madzi akudontha m'mitanda pamwamba pa bedi lawo, mitanda yakalekale ija ikulira. Ndikanatani? Denga ligwere amayi? Ndinazula chisanza ndi manja angawa, n'kumayang'ana zitosi, nthenga, penti ndi khoswe wouma zikutsikira m'madzi athu akumwa.

Ndinakhala pomwepo mvula ikundimenya.

Lachiwiri, 12 Disembala

Ndatsegula chitsime, fungo lake kuchita kubweza munthu. Pamwamba payandama zoyera ngati mkaka wosasa. Tinsomba tathu todya mphutsi za udzudzu tonse tagadama. Ndativuula ndi sefa, ngakhale mphaka watikana.

Atija wa khomo lachiwiri wandigawira chidebe chimodzi. Iye paipi yake anakana nayo, a komiti anawaimira pakhomo ndi chikwanje. Koma ali ndi ana asanu ndi mmodzi, sangatimwetse mpaka chaka chamawa.

Achimwene anafika, kusuzumira, n'kutseka mphuno ndi mpango. "Ukawiritsa bwinobwino amweka amenewa. Koma usawakapire kumsewu alendo asanabwere, chonde mlongo wanga, msewu tausesa."

Amayi ali m'chipinda anafuula: "Amisse, bwera umwe kapu imodzi ndikuone!" Anati akuchedwa kumsonkhano.

Mimba imodzi ndi ine munthu ameneyu? Ndikunyansidwa.

Lachitatu, 13 Disembala

Tayamba kukapa ine ndi Atija, kutayira kuseri. Msana watha. Pansi pake matope oterera, sindikufuna n'kulemba komwe.

Chitsime chikauma tidalira mvula yotsalayo basi. Koma bowo likadali lomata, ndiye ikagwanso ndi zomwezija. Chikwangwani chawo chamkuwa achikhoma kale pakhoma, pansi penipeni pa pamene panali paipi. Akuti nyumba yachitsanzo.

Lachisanu, 15 Disembala

M'mawa ndinapita kwa alamu anga achimwene atachoka. Sanafunse kanthu, anangosolola paipi pansi pa bedi n'kundipatsa.

Alendo anafika titachoka kumzikiti ku pemphero la Juma, mitambo itayamba kale kusonkhana. Achimwene mu shati yatsopano akufotokoza za makolo athu, ine ndili padenga ndi musi. Njereza yosakhwima sivuta, zibuma zinagwera pakati pawo. "Muanacha! Wapenga? Tsika!" Ndinati gwirani makwerero achimwene, kapena chokanipo.

Anawagwira ndi Dona Telma. Anafunsa kuti anamata bowoli ndani.

Ndamanga paipi ndi waya, yopindika, yabuluu ngati kale. Madontho atayamba alendo anathawira pakhonde la Atija. Achimwene anatsala okha pamsewu, madzi otuwa akuwathovokera pa nsapato.

Chisanza ndachisiya m'bowo la kuchitsime. Iyi ndi mvula yachiwiri. Amayi akufunsa ngati yamawa tidzamwe.