Ndevu za Chimanga ndi Dzina Langa

Limbe,
17 Febuluwale 1957.

Okondedwa achemwali anga a Esteri,

Ndikhulupirira kalata ino ikupezani muli bwino pamodzi ndi mwana wanu Danieli. Kodi chilonda chake cha pabondo chija chinapola? Za amayi sindifunsa monga ndimachitira masiku onse, pakuti ndamva kale mmene alili, ndipo n'chifukwa chake ndakhala pansi kulemba. Ine kuno m'thupi ndili bwino.

Kalatayi sindinaiponye ku positi. Ndapatsira mayi Enifa, akazi awo a Hudson a kunjanji, kuti aipereke m'manja mwanu, isadzere kwa a malume Pilato monga amadzera makalata anga onse. Muiwerenge nokha. Kuwerenga mumatha, ndinu munandiphunzitsa a, e, i ndi kamtengo pamchenga kuseri kwa nkhokwe.

Kuno mvula ikugwa tsiku ndi tsiku. Denga la chipinda chimene ndimagona ndi a Moffat, kuseri kwa sitolo ya mmwenye kumene iwo amaphika, layamba kudontha mbali yanga, ndiye mabuku ndikuwasunga m'chitini cha palafini. Kusukulu akutithamangitsa ndi masamu chifukwa cha mayeso a Sitandade 6. Anyamata ena sanasiye kunditcha Mnguru ndikangoyankhula, choncho nthawi yopuma ndimakhala ndekha pansi pa bulugamu. Zimenezo ndinazolowera, si zimene zandisowetsa mtendere.

Mukukumbukira tiulusi tofiira tija ndinabwera nato pa tchuthi cha Ogasiti? Dzina lake ndi safironi, eni ake amati kesari. Ndibwereze nkhani yake kuti muone pamene zinthu zinakhotera. A Moffat amatithira mumpunga pa masiku a chikondwerero okha, mpunga n'kusanduka wachikasu, fungo n'kufika mpaka pamsewu. Mayi wa panyumbapo, mkazi wa mmwenyeyo, amatisunga m'kachitini kochepa ngati ka fodya wa m'mphuno, kiyi wa kabati amayenda naye m'chiuno. Akuti timachokera m'duwa la dziko lozizira, kutali kupitirira Bombay, ndipo duwa limodzi limapereka tiulusi titatu basi, totola ndi zala. Kwawo amatiika mumkaka wofunda n'kupatsa mayi woyembekezera, kapena wopotokola m'mimba, kapenanso munthu wosweka mtima amene tulo tamuthawa.

Atamwalira abambo ine ndinkangokhala osadya, mayiyo anaona, ndipo anatuma a Moffat kuti andipatse pang'ono. Ndinamwa kamodzi, totsalato ndinasungira amayi. Munalipo tsiku lija tinapempha mkaka wa mbuzi kwa azakhali a Malita. Amayi anagona mpaka dzuwa kutuluka, mmawa n'kumaimba nyimbo ya Chilomwe akusesa pabwalo. Kaya anali safironi, kaya kunali kukondwa kuti mwana wawo wabwera, sindidziwa. Pa nthawiyo ndinakhulupirira kuti ndi safironi.

Madzulo ake a malume anandiitanira pakhonde pawo. Anandipatsa mpando wawo wa ndalema, iwo n'kukhala pachitsa, ndipo ankanditchula kuti aphunzitsi. Chibadwire anali asanandifunsepo kanthu kupatula kumene kwalowera mbuzi. Tsiku limenelo anafunsa zonse: kutalika kwa kaulusi, kufiira kwake, matenda amene amwenye amamwera, ngakhale kakulungidwe ka pepala. Ine wosazolowera kumvedwa ndinamasuka, ndinanena zonse, mwina n'kuwonjezako.

Pa Khirisimasi anandiuza kuti apangana ndi mmwenye wina wa ku Chitakale kuti aziwapatsa safironi, koma pafunika timapepala tolembedwa bwino, popeza anthu amakhulupirira dzanja la mwana wa sukulu. Ndinang'amba masamba a kope langa la jogalafe, ndinalemba masiku awiri. Pa kapepala kalikonse ndinalemba kuti safironi weniweni wa ku India, m'munsi mwake dzina langa ndi Limbe, chifukwa iwo anati zikatero zioneka zaulemu.

Lamulungu lapitali mayi Enifa, atabwera kudzaona amuna awo, anandifunafuna mpaka kundipeza kukhitchini kwa a Moffat. Anandiwombera m'manja, ati adokotala aang'ono, mwatithandiza. Anati pamsika wa Milonde palibe wosadziwa mankhwala a Alufeyo, ndipo azimayi a m'malaini a kuesiteti ya tiyi amachita kulimbirana. Iwonso, ndi pakati pawo pa miyezi isanu, akhala akumwa mmawa uliwonse kuti mwana adzabadwe wamphamvu. Anamasula mfundo ya nsalu yawo n'kutulutsa kapepala. Dzanja linali langa.

A Moffat anatsegula, ananunkhiza, n'kunena kuti izi zikununkha nkhokwe. Anatenga matambula awiri a madzi ozizira, anakapempha kaulusi kamodzi kwa mayi wa panyumba, ndipo mayiyo anabwera yekha kudzaonerera. M'tambula yoyamba anaponya ka m'kachitini. Madzi anakhala kanthawi osasintha, kenaka pang'onopang'ono anayamba chikasu ngati cha dzira, koma kaulusiko kanali kofiirabe. M'tambula yachiwiri anaponya za m'pepala langa. Nthawi yomweyo madzi anafiira ngati atsukiramo mpeni wophera nkhuku, ndipo tiulusito tinayandama titayera. A Moffat anavuula kamodzi n'kukaika pachikhatho changa. Sanafunike kundiuza. Aliyense amene anasendapo mondokwa amazidziwa ndevu za chimanga.

Poyamba a Moffat anaseka, ati chimanga cha kwathu chakwera sitima, chakafika ku India n'kubwerako chitavala zofiira. Ataona nkhope ya mayi Enifa anasiya. Mayi Enifa anagwira pamimba n'kufunsa ngati mwanayo sapwetekedwa, ndipo funsolo anafunsa ine, osati a Moffat, poti dzina la papepala ndi langa. Mayi wa panyumba ndiye anayankha, anati asiye kumwa lero lomwe ndipo akaonane ndi anamwino. Ananenanso, a Moffat akumasulira mwina ndi mwina, kuti ngakhale weniweniyo ndi wokometsera chakudya ndi kukhazika mtima pansi, sachiza chifuwa. Mwamuna wake akadwala amapita kwa dokotala, kachitini kali kokhoma m'kabati.

Za chifuwazo zinabwera chifukwa mayi Enifa anali atanena kale za amayi. Akuti akutsokomola kuposa mmene ndinawasiyira, aonda, kumunda anasiya, ndipo akumwa zimenezi katatu pa tsiku. Akuti m'makhololo mwawo mwayamba kuoneka zofiira, ndipo a malume anawauza kuti asaope, ndi mtundu wa mankhwala ukutuluka pamodzi ndi nthenda. Achemwali, abambo anayamba chimodzimodzi. Inu ndi amene munkachapa nsanza zija kumtsinje.

Ndinafunsa chifukwa chimene sanapitire ku chipatala cha Mishoni, popeza m'makalata awiri, ya Januwale ndi ya kumayambiriro kwa mwezi uno, ndinalemba kuti apite msanga. Mayi Enifa anadabwa. Anati iwo analipo pamene a malume ankawerenga kalata yachiwiriyo pansi pa mtengo wa mango, anthu atasonkhana monga achitira kukabwera kalata. Mmene anaimvera iwo, ine ndinalemba kuti amayi asavutike ndi ulendo wa ku Mishoni, angolimbikira safironi, ndipo safironi wina ali m'njira. Akuti amayi anamwetulira n'kunena kuti mwana wawo waphunzira kuposa azungu a kuchipatala.

Ndiye kuti amayi akukana chipatala chifukwa chokhulupirira ine.

Ndinafunsanso kuti inu munali kuti pamene ankawerenga. Anati munali pomwepo, pambali pa amayi, mutaweramitsa mutu, mukutokosa mkeka ndi kachitsotso.

Apa ndalemba ndi kufafaniza kangapo, muona pepala lada. Pa Khirisimasi ndinaona lichero padenga la khola, lodzaza ndevu za chimanga cha kudimba. Nditafunsa munati ndi za nkhuku zoikira. Ndinaonanso zala zanu zili zofiira mpaka m'zikhadabo, ndipo munati munkanyika mlaza wa mkeka. Ndinayang'ana m'nyumba monse, mkeka watsopano sindinauone, koma ndinangoti mwina munagulitsa. Ndipo kapepala ka mayi Enifa kanali kopindidwa makona atatu, kansonga kolowetsa mkati, mmene mumapindira mchere mukamandipatsa wa paulendo. A malume sapinda choncho. Iwo amangofinya.

Sindikulemba kuti ndikunyozeni. Ndikudziwa kuti alamu chipitire ku Joni sanalembepo, ndipo chimanga chimene mukudya ndi Danieli chikuchokera m'nkhokwe ya a malume. Ndikudziwa kuti iwo ndi eni mbumba, ndipo munda umene mukulima akhoza kuuloza kwa wina mawa. Mwina poyamba munaganiza kuti ndevu za chimanga sizipha munthu, ndipo amayi akakhulupirira apeza bwino monga pa Ogasiti. Inenso ndili ndi mlandu wanga, ndinagulidwa ndi mpando wa ndalema. Zonsezi ndaziganiza. Koma kalata ija munali nayo pafupi, mukanatha kuitola a malume atachoka n'kuwawerengera amayi mawu anga enieni. A malume sindinawayembekezerepo kanthu. Inu ndi amene munandibereka kumbuyo pothawa madzi chaka chija Ruo anasefukira, ndipo anyamata akamandiseka kuno ndimadziuza kuti kwathu kuli munthu mmodzi amene sandinamiza.

Chopempha changa ndi chimodzi. Muwatengere amayi ku chipatala cha Mishoni sabata ino. A Spencer oyendetsa lole ya tiyi anali mnzawo wa abambo, sangakane kuwakweza mpaka pa Chitakale, ndipo kuchokera pamenepo mupeza wokuthandizani. Musadikire chilolezo cha a malume. Akafunsa, muwauze kuti ndi ine ndalamula, popeza dzina langa analikweza okha.

Ndikudziwa kuti amayi sadzuka pamphasa chifukwa cha mawu okha, poti amva kale mawu ambiri onenedwa m'dzina langa. N'chifukwa chake m'kona ya kalata ino, m'kapepala komata ndi ulimbo, muli tiulusi titatu ta safironi weniweni. Mayi wa panyumba anapereka yekha, osapemphedwa. Mutsegule mosamala, kopanda mphepo. Mutenge makapu awiri oyera mkati, muthire madzi ozizira a mumtsuko, osati ofunda. M'kapu imodzi muponye kaulusi kamodzi ka ine, m'kapu inayo za a malume, muike pamaso pa amayi, mudikire. Ngati pakamwa panu palemera, simusowa kunena kanthu. Amayi alima chimanga zaka zonse za moyo wawo, adzazizindikira okha ndevuzo zikayera. Tiwiri totsalato mudzawaikire mumkaka akabwerako kuchipatala.

Zoti zala zanu zinali zofiira sindinauze munthu, ngakhale a Moffat. Ngati amayi adzamve, adzamve kwa inu. Koma mayi Enifa akubwera kumeneko atakwiya, ndipo anena kale kuti Loweruka akaima pamsika ndi kapu ya madzi. Sindinawaletse. Ndi bwino amayi aone zimenezi m'nyumba mwawo, kwa mwana wawo, asanazimve kwa anthu obwera kumsika.

A Hudson akupita kumudzi kumapeto kwa mwezi ndipo abwerera pa 3 Malichi. Akadzandiuza kuti amayi sanapite, ndidzabweza mabuku kwa aphunzitsi, ndidzabwera ndekha kudzawanyamula. Mayeso adzapita, ndipo mukudziwa kuti mwayi wina wa sukulu sindidzaupeza. Sindikukuopsezani, ndangoti mudziwe zimene ndatsimikiza mumtima.

Mundiperekere moni kwa amayi, muwauze kuti bulangeti lija anandipatsa likundithandiza m'mvula ino. Moni kwa azakhali a Malita, kwa msuweni wanga Lenard, ndi kwa Danieli, mumuuze kuti galimoto ya waya ndinamulonjeza ija yatsala matayala. Kwa a malume sindilemba moni. Iwo amatha kuwerenga m'makalata anga zimene sindinalembe, adziwerengera okha.

Ndine mlongo wanu,
Alufeyo.

Ndinafunsa a Moffat, ngati ndikufunsira malaya anga, chimene chimachotsa utoto wa mkeka. Akuti madzi a ndimu ndi phulusa, kupaka kawiri kapena katatu. Mtengo wa ndimu uli kuseri kwa nyumba yanu.