Pedulo ya Kumanzere

Lachinayi madzulo. Mtima uli m'mwamba.

Pedulo ya kumanzere yathothoka lero ndikukwera chitunda, pangotsala kachitsulo koterera. Dzina loti pedulo malemu bambo anabwera nalo kuchokera ku Joni pamodzi ndi njingayi. Amayi analikana, mpaka pano amangoti chopondera.

Mkazi wanga ndi woyembekezera, mwezi wake ndi uno, ndipo chipatala chili kutali. Wokonza njinga akuti ndidikire Loweruka. Loweruka!

Ndikukulunga mphira pakachitsuloko, amayi anandifunsa kuti, "Chopondera chakocho chinyamula anthu angati?"

"Awiri," ndinatero.

Anayang'ana mimba ya mpongozi wawo. "Atatu."

Panopa mkazi wanga akuti msana wayamba kumupweteka, ndipo kunja kwayamba kuwaza.