Kuyeza Intakula pa Chitunda cha Naisi

KALABU YA ALIMI A MPUNGA YA TIYESEKO, DOMASI

Tsiku: Loweruka, 17 Okutobala 1987
Malo: Pakhonde pa nyumba yosungiramo mpunga

Amene analipo: A Yotam Makaiko (Wapampando), Mayi Mwanahamisi Abdallah (Msungichuma), Mayi Anastasia Jenifa (membala, mphunzitsi wa sayansi), a Lyton Chisoni (Mlembi), ndi a Kizito (dalaivala, ochita kuitanidwa).

Amene panalibe: Mayi Lizzie. Anatumiza mawu kuti mwendo wavuta. Mwendo womwewo unaoneka m'mawa pamsika wa Songani ukuyenda bwinobwino.

1. Kutsegula

Wapampando anatsegula msonkhano 2 koloko masana ndi pemphero. Anapemphera dzanja lamanja lili m'thumba la jekete, dzuwa lonseli.

2. Zotsalira za msonkhano wapita

Mlembi anakumbutsa mamembala kuti galimoto ya kalabu, imene tinagula kwa mzungu wina pamene ankabwerera kwawo, ili ndi tebo, kamakina kouzira mpweya mu injini ngati mvukuto. Mpweya wouziridwawo umatentha, ndipo galimoto ikasenza mpunga imafooka pachitunda. A Kizito anaboola kutsogolo kwa galimotoyo n'kumangapo chinthu chonga rediyeta yaing'ono, chimene achimwene awo anabwera nacho kuchokera ku Joni. Dzina lake akuti intakula, ntchito yake kuziziritsa mpweyawo. Poboolapo sanapemphe.

Wapampando anayeza okha galimoto itaima pansi pa mtengo wa mango, injini ikulira. Anagwira paipi yolowa mu intakula, anagwira yotuluka, napeza zonse zili zofunda chimodzimodzi. Anagamula kuti n'chitsulo chachabe, nalanda makiyi. A Kizito sanayankhe, chifukwa Wapampando ndi apongozi awo, ndipo mkamwini satsutsa apongozi pagulu. Kuyambira tsikulo akhala akuunga mizere m'munda wa apongozi omwewo. Komiti inapempha kuti kuyezako kubwerezedwe, ndipo chikapezekadi chachabe, makiyi apite kwa dalaivala wina.

3. Lipoti la kuyeza

Mayi Anastasia anati galimoto ikangoima, tebo imakhala ili mtulo, choncho palibe mpweya wotentha woti uziziritsidwe. Pamafunika katundu ndi chitunda. N'chifukwa chake Lachinayi masana tinakweza matumba asanu ndi atatu a mpunga, komiti yonse pamwamba pake, a Kizito atabwerekedwa makiyi kwa ola limodzi. Mlembi ananena kuti Msungichuma awerengedwe ngati matumba awiri. Msungichuma anati Mlembi awerengedwe ngati theka la thumba, ndiponso la mankhusu.

Mayi Anastasia anabwereka kusukulu zoyezera kutentha ziwiri, nazimangirira ndi waya ndi nsalu, china papaipi yolowa, china payotuluka. Tinakwera chitunda cha ku Naisi injini ikubuula. Pamwamba a Kizito anaima natsegula boneti msangamsanga. Mpweya wapanja unali madigiri 31, paipi yolowa 88, yotuluka 47. Mayiwo anamasulira kuti pa magawo khumi a kutentha kumene tebo imawonjezera, intakula ikuchotsa asanu ndi awiri. Mlembi, amene analekezera sukulu mu Sitandade 4, anavomereza masamuwo ndi mtima wonse.

Wapampando anati manambala aphunzitsi amalemba mmene afunira, ndipo ana awo awiri analephera mayeso chifukwa cha manambala otere. Anati, “Ine choyezera changa ndinabadwa nacho,” napinda dzanja la malaya. A Kizito, maso ali pansi, ananong'oneza Mlembi kuti, “A Chisoni, auzeni bambo agwire paipi ya kumanzere yokha.” Mlembi anayamba wakonza kaye pakhosi kuti uthengawo ufike ndi ulemu wake wonse. Pamene amati “Wapampando,” n'kuti iwo atafumbata kale ya kumanja, yolowa ija. Zimene ananena mkulu wa mpingoyu zinatuluka m'Chiyao, ndipo Msungichuma akana mpaka lero kutimasulira.

4. Zokambirana

Wapampando anati sakukumbukira kuti anagwira kanthu. Msungichuma anafunsa kuti nanga dzanja likubisaliranji m'thumba. Anayankha kuti ndi nyamakazi, nalamula kuti nkhani ya dzanja isalembedwe. Mlembi anamvera, ndipo sanalembe kuti zala zitatu zili ndi matuza.

Mayi Anastasia anapereka ganizo loti intakula ikhale ndipo makiyi abwerere kwa a Kizito. Wapampando anati sakukana, koma pasakhale phuma, makiyi angabwezedwe pakatha sabata ziwiri. Msungichuma anafunsa kuti, “Kodi mizere yatsala ingati kumunda kuja, a Makaiko?” Anawonjezera kuti mpunga wa anthu ukudyedwa ndi makoswe kuseri kwa chitseko ichi pamene dalaivala ali ndi khasu. Ovomera anali atatu. Wapampando sanakweze dzanja, pa chifukwa chimene sichinalembedwe.

Makiyi anali m'thumba lomwe munali dzanjamo. Wapampando anayesa kuwavuula ndi lamanzere, koma Mlembi anawakumbutsa mawu amene iwo eni amatiphunzitsa, akuti chopereka ndi dzanja lamanzere n'chipongwe, ngakhale wolandirayo akhale mkamwini. Kenako dzanja lamanja linatuluka, litakulungidwa nsalu ngati mutu wa chinangwa, makiyi akulendewera kuchala chimene chinapulumuka. A Kizito anagwada nalandira ndi manja awiri. Ndi okhawo amene sanaone nsaluyo, poti maso anali pansi, koma mapewa awo ankagwedezeka. Mlembi akukhulupirira kuti ankalira.

Wapampando anati, “Chitsulo chanucho chikugwira ntchito, akamwini. Mukanangonena.” A Kizito anapempha Mlembi awauze bambo kuti zikomo. Uthenga uwu unafika msanga.

5. Zina ndi zina

Anagwirizana kuti paipi yolowa ipakidwe penti yofiira, kuthandiza onse amene anabadwa ndi zoyezera zawo. Mpunga upita kumsika Lolemba. Za mizere yotsala, komiti inati si nkhani ya kalabu.

Msonkhano wotsatira: Loweruka, 14 Novembala, malo omwewa. Msonkhano unatha 4 koloko itangodutsa, Msungichuma atapemphera.

Mlembi: L. Chisoni

Wapampando: Y. Makaiko. Siginechayi ndi yawo ndithu, asaina ndi lamanzere. Papepala si chipongwe.