Buku Limene Sindinalimalize

14 Juni

Okondedwa achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Ine m'thupi ndili bwino, koma mtima sukukhazikika.

Mukudziwa kuti ntchito yanga mulaibulale ya pasukulu pano ndi kusesa, kupukuta mashelefu ndi kumata mabuku ong'ambika. Mwezi watha amayi oyang'anira laibulale anakhoma bolodi pafupi ndi khomo kuti ophunzira aziuzana mabuku abwino. Aliyense amalemba kapepala kopanda dzina n'kukabaya ndi pini. Anawo anazikonda, mpaka wina analemba kuti, "Ili ndi mankhwala a osowa tulo."

Achemwali, nanenso ndinalemba. Pali buku lina la mtsikana wodwazika mayi ake. Ndinkaliwerenga pa nthawi yopuma, pang'onopang'ono monga mukundidziwira ine wa sitandade 7. Nditafika pakati, pamene mayiyo anayamba kudzuka, ndinasangalala n'kulemba kuti, "Ngati mayi ako akudwala, buku ili likulimbitsa mtima." Ndinakabaya m'mawa kusanabwere munthu.

Analitenga ndi mtsikana wa fomu 2 amene anzake amamutcha Mlongoti chifukwa cha kutalika. Mayi ake ali m'chipatala. Lachiwiri anabwera maso ali psuu, n'kuponya bukulo patebulo.

"Analemba zija ndani? Amafuna kundiseka eti?"

Ndinali pomwepo, tsache lili m'manja. Atatuluka ndinatsegula tsamba lomaliza. Mayi uja amamwalira.

Tsopano anawo akuloza chala mnzake wa Mlongoti wokhala naye desiki imodzi, ndipo awiriwo sakuyankhulana. Amayi oyang'anira akuti wolembayo akapanda kuoneka pofika Lachisanu, bolodi alichotsa. Dzulo anandifunsa kuti, "Iwe umalawirira, sunaone kanthu?" Ndinangopukusa mutu.

Bolodilo ndi la ophunzira, ine sindinayenere kulikhudza. Ndikaulula mwina ntchito itha, ndidzabwerenso kudzakupanikizani pakhomo panupo. Koma mwana wosalakwa uja masiku ano akumakhala yekha kuseri kwa kalasi, ndipo ndimamuona pawindo ndikamapukuta.

Kalatayi ikamakupezani ndidzakhala nditanena kale. Ndiyambira kwa Mlongoti, osati kwa amayi oyang'anirawo, ngakhale sindikudziwa kuti ndimuyang'ana bwanji kumaso.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana. Mphasa yanga ija musaitaye kaye.

Ndine mng'ono wanu.