Ada Mhone sanayankhule

Loweruka madzulo. Mtima ukundiwawabe.

Lero ndinapita kudoko ndi ana anga a sikauti, ang'onoang'ono aja, kuti akaphunzire za nyenyezi ndi mbiri ya sitima zapanyanja. Ndinapempha ada Mhone, amene anagwira ntchito m'sitima mpaka kukalamba, kuti adzawafotokozere mmene ankadziwira njira poyang'ana kumwamba. Anayenda wapansi kuchokera ku Chikale, atavala jekete, atanyamula ndodo yoti ajambulire nyenyezi pamchenga.

Cholakwa changa n'chakuti ndinamvera ahedi a pasukulu pathu. Anati mwambo wopanda mlendo wolemekezeka si mwambo, ndiye ndinaitana bwana wina wa ku ofesi. Bwanayo anachedwa ndi maola awiri, ana akupsa ndi dzuwa. Atafika analonjera aliyense ndi udindo wake, kenako anayamba kusimba za maphunziro ake. Za nyenyezi anangoti zili kumwamba. Mmene amamaliza n'kuti nthawi yobweza ana kwa makolo itakwana.

Ndiye anatembenukira kwa ada Mhone: "Madala, titsekereni ndi pemphero." Iwo anavula chipewa, napemphera m'Chitonga mwachidule.

Nditawapepesa anangoti, "Musadandaule amama, nyenyezi sizithawa." Inde sizithawa, koma munthu wa msinkhu wawo tikhala naye mpaka liti? Ndodo ija anabwerera nayo isanakhudze mchenga.

Pobwerera, Tamanda, kamtsikana kamene kanakonzekera mafunso sabata yonse, kanandikoka dzanja.

"Madamu, agogo aja ndi abusa?"