Adyo wa Bambo a Regina

Bundabunda, Chongwe
9 Malichi 1987

Okondedwa akulu anga a Clementina,

Uthenga woti adyo wathu akufunidwanso unandipeza Lachiwiri ndili kudimba, ndikuzula udzu pamalo pomwe bambo a Regina anasiya atagaula theka. Ndinamva galimoto kumsewu, kenaka ndinaona a Boyd akubwera, nsapato zawo za m'tauni zikumira m'matope. Mwina simuwakumbukira. Ndi aja ogulira zakudya hotela ina yaikulu ku Lusaka, amene ankatenga adyo wathu zaka zambiri, n'kutisiya chaka chatha osatsanzika n'komwe. Titafika kunyumba anapepesa maliro a amuna anga mwaulemu, chipewa chili m'manja, koma maso awo anali padenga la khitchini.

Paja anatisiya chifukwa mabwana awo anayamba kuitanitsa adyo wakunja, wosendasenda, wouma gwa ndi chisanu cha m'firiji, wobwera pasitima yapamadzi mpaka ku Dar es Salaam, kenaka palole. Ophika anamukonda poti sankavutikanso kusenda. Tsopano akuti lole yomaliza inakaima pachipata cha dziko kudikira mapepala, makina ake oziziritsa n'kufa. Dzuwa linachita zake. A Boyd akuti fungo lake linathamangitsa ndi amayi ogulitsa nthochi omwe, ndipo dalaivala ankagona patali ndi lole yake ngati yachita ngozi. Akulu anga, ndinaseka. Aka kanali koyamba kuseka chiikireni maliro, ndipo nditatha ndinachita manyazi pang'ono.

Chinandiseketsa kwenikweni n'chimene simuchidziwa. Chaka chatha, a Boyd atatisiya, bambo a Regina anapita ku Lusaka kukaona mdani wawoyo ndi maso. Wophika wina anawapatsa kapaketi. Anabwera nako atakakulunga m'nyuzipepala, akudabwa kukula kwa tizigawo take, ndipo m'mawa mwake ndinawapeza akudzala kuseri kwa nthochi kuti ine ndisaone. Ndinawauza kuti ndinawerenga m'kabuku ka zaulimi ka kumishoni kuti chinthu choumitsidwa ndi chisanu chotere chimafa mtima. Iwo anati mabuku anga sanagwirepo khasu. Anathirira, anathira manyowa a nkhuku, anathiriranso. Mwezi utatha anakumba n'kupeza phala lokhalokha. Madzulo ake anangoti, "Amake Regina, adyo uja ndi wokongola, koma alibe mawa." Sitinaikambenso nkhaniyo, koma nthawi zonse akayamba makani ndinkangoyang'ana kunthochi, iwo n'kuseka.

Za kugawa katundu munamva kale. Alamu anga a Fabiano anatenga njinga, wailesi, jekete ndi khasu latsopano. Sindinalimbane nawo. Atalowa m'khitchini n'kuona mitolo ya adyo ili lende pamwamba pa utsi, anagwira mphuno nati, "Mlamu, izi zonunkha musunge nokha." Ndinawathokoza ndi manja awiri. Mitolo imeneyo ndiyo a Boyd anadzera.

Ndinakwera pampando n'kuyamba kuwatsitsira, iwo akulongedza m'masaka mosangalala ngati mwana wopatsidwa nzimbe. Kenaka ndinafika pa mitolo ya pakona, yomangidwa ndi nsanza za shati ija yabuluu. Mukudziwa mmene ankachitira mlamu wanu. Pokolola ankasankha mitu yaikulu, yolimba, n'kuimanga payokha ndi nsanza ya shati yawo yakale, kuti aliyense adziwe kuti iyi ndi mbewu, siikhudzidwa ngakhale m'nyumba mutadwala munthu chimfine. Ankamanga ine ndikuwawerengera buku, ndipo buku lomaliza likadali ndi khoko la adyo pomwe tinalekezera.

Ndinatsika pampando. A Boyd anati, "Amayi, nifuna yonse. Ija ya pakona ndiye yabwino maningi, nizalipila pamwamba."

Apa ndiye pali nkhani yanu, akulu anga. M'kalata yanu munati ndigulitse zonse ndibwerere ku Katete, nyumba ya amayi ikadali ndi denga, ndisakhale ndekha kudziko la eni. Ndikanapereka mitolo ija, ulendowo ukanatheka sabata ino, ndi katundu yemwe. Ndinaima pamenepo ndikuganiza za inu, za mango a pakhomo pathu, ndi za Regina amene akumaliza sukulu chaka chino. Nthawi yodzala adyo ndi mwezi wamawa, ndipo mbewu imeneyi yazolowera nthaka ino kuyambira Regina asanabadwe. Ikapita mumphika wa kuhotela, yapita.

Ndinawauza kuti ya nsanza yabuluu siigulitsidwa. Anandiyang'ana, nayang'ana dimba, nati, "Manje muzalima na ndani?" Ndinawaonetsa manja anga. Ndinawafunsanso ngati adzandikumbukire lole ina ikadzadutsa pachipata bwinobwino. Anaseka, nakanda m'mutu, nati zimenezo amadziwa ndi mabwana. Ndinawakonda chifukwa chosanama. Koma poti sanalonjeze kanthu, ndasungako thumba lina loti ndikayese kwa ogulitsa zokometsera ndiwo kumsika wa Kamwala ku Lusaka, amene sanayambe akhulupirira adyo wa m'firiji.

Choncho musakonze chipinda chija. Musakwiye nane. Ndidzabwera kudzacheza ndikakolola mu Seputembala, ndipo ndidzakubweretserani mutu umodzi kuti muziika pakhomo, paja mumati umathamangitsa njoka. Ngati mungapeze munthu wobwera kuno, munditumizireko khasu la kwa osula a kwathu, chifukwa latsala kuno ndi lakutha mano. Usiku umatalika, sindikubisirani, koma masana ndimakhala ndi chochita, ndipo amayi a kwaya amabwera Lachinayi lililonse kudzandisokosera.

Mupereke moni kwa alamu ndi ana onse. Muuze a Nelesi kuti nsalu yakuda ija ananditumizira inafika. Regina akupereka moni, akuti mayeso sakumuopsa. Mukapita ku Misa mukatchule dzina la malemu mlamu wanu a Stanislaus, poti kumeneko n'kumene tinadalitsira ukwati.

Kuno kwatsala ine, theka la dimba losagaula, ndi mitolo ya nsanza yabuluu padenga.

Ndine mng'ono wanu wokukondani,
Juliana